Mpweya Uli Bwino

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinabweza bambo wina wa kumapiri a Ntchisi atanyamula mkono wake wothyoka ngati khanda. Makina ojambulira mafupa a pachipatala pathu anafa nthawi yokolola, ndipo apa n'kuti mvula itagwa kale, anthu akupalira. Ine amene ndinaphunzira zojambula m'kati mwa thupi la munthu ndinali nditasanduka mlonda wa chitseko. Ntchito yanga inali kusuzumira pazenera n'kunena kuti makina afa, kayeseni ku Lilongwe. Bamboyo sanakalipe. Anangoti, "Zikomo amayi," n'kutembenuka. Zikomo ameneyo anandiwawa kuposa kutukwanidwa, moti nditaweruka ndinakhala pansi n'kuyamba kufunafuna ntchito kunja.

Amayi sanandiletse. Bambo athu anatisiya kalekale, choncho zonse za pakhomo pathu, kufupi ndi Msakambewa, zimadutsa kwa achimwene anga a Kefasi. Iwowa ndi mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo, munthu woti akayamba kufotokoza chinthu sakupatsa mpata wonena kuti iwenso ukuchidziwa. Ndi amene anasangalala kwambiri. Anati banja lililonse lotukuka masiku ano lili ndi munthu wake kunja, ngati akunena za ng'ombe ya pangolo. Amayi anangofunsa ngati ku Mangalande kuli nkhwani. Nditati sindikudziwa, anandilongedzera mfutso wodzaza jumbo, umene ndinkadya pang'onopang'ono mpaka unayamba kununkha sopo wa m'chikwama.

Ndikulemba izi nditakhala pakhonde la nyumba ya malata imene ndinawamangira amayi ndili kutali, ndikungoiona pazithunzi za pafoni. Eni ake ali m'katimo, agona cham'mbali chifukwa chagada sangathe. Pakhosi pawo, kumunsi kwa khutu lamanzere, pali chotupa chachikulu ngati peyala. Chinakula chonchi ine ndikudzuka m'mawa uliwonse kukayeza zotupa za pakhosi za amayi a anthu ena, mosamala ngati ndanyamula mazira. Ndikaganiza zimenezi, chimene ndimamva si chisoni chokha ayi. Ndakwiya, ndipo sindikufuna munthu wondiuza kuti ndiugwire mtima.

Kunjako ndinagwera m'chipatala chachikulu cha khansa, m'gulu lina lochita kafukufuku wa zotupa za m'kamwa, za kummero ndi za pakhosi. Zimene ankafufuza n'zosavuta kumva. Chotupa chimakula mothamanga kuposa mitsempha yochibweretsera magazi, ndiye m'kati mwake mumakhala malo ena amene mpweya sufikako mokwanira. Madokotala akamachiwotcha ndi cheza cha makina, malo amenewo samva. Zili ngati uvuni wa njerwa wosanja mothinana: za m'mbali zimapsa, za pakati pamene mpweya sudutsa zimatuluka zaziwisi. Ndiye asanayambe kuwotcha ankafuna adziwe kuti m'chotupa cha munthu uyu malo osowa mpweya ali pati, ndipo ndi aakulu bwanji.

Mbali yanga inali ya manja. Wodwala ankabayidwa jakisoni wa mankhwala amene amayenda m'magazi n'kukakamira malo okhawo osowa mpweya. Akadikira kwa maola angapo, ine ndinkamugoneka pabedi lopapatiza la makina ojambulira n'kumuveka chigoba cha pulasitiki cha timabowo ngati sefa, chimene tinali titachiumba pankhope pake chikadali chofunda, kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono. Kenako ndinkatuluka, kutseka chitseko cholemera, n'kumamulankhula pasipika kuti asaope. Pachithunzi, malo osowa mpweyawo ankawala ngati makala m'phulusa. Mkulu wina wa ntchitoyo anandiuza kuti kale ankachita kubaya chotupacho ndi singano yoyezera, malo ndi malo, wodwala ali maso. Ndinkaikonda ntchito imeneyi, sindinama. Makina ake sankafa, ndipo akangotsokomola, okonza ankafika ndisanamalize tiyi.

Koma ntchito ikatha munthu umayenera kupita kwinakwake. Ine ndinkapita kukachipinda ka m'mwamba, m'nyumba ya anthu a mitundu yosiyanasiyana, aliyense ndi shelefu yake mufiriji, aliyense ndi chitseko chake chotseka. Nyengo yozizira dzuwa linkalowa ana akungoweruka kumene kusukulu. M'basi ukapereka moni, munthu amayamba wayang'ana kaye chikwama chake. Panali masabata ena oti Chichewa changa ndinkangochigwiritsa ntchito popemphera ndi potukwana chitofu. Ndinkacheza kwambiri ndi odwala a m'chigoba aja, poti iwo sakanatha kuthawa kapena kuyankha. Ndinalirapo m'sitolo nditaona mbatata atazikulunga imodziimodzi m'pulasitiki, ndipo mpaka lero sindidziwa chinandiliza.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo sindinkazisunga m'mutu kuti ndidzakumbutse munthu. Feteleza, fizi ya ana a achimwene, malata, simenti, zopereka za masika kutchalitchi, chipepeso pamaliro a anthu oti nkhope zawo sindikuzikumbuka. Ndinagulira amayi foni yabwino ya vidiyo, koma inakakhala m'thumba mwa achimwene poti amayi akuti sadziwa kudina. Ndalama zitayamba kufika, dzina langa linasintha. Achimwene amene kuyambira ndili mwana ankandiitana kuti iwe Ene, kudula Enelesi, anayamba kunditcha adokotala. Ndinawauza kambirimbiri kuti sindine dokotala, ndimajambula. Ankaseka n'kunena kuti kudzichepetsa n'kwabwino ndithu, koma kumudzi kuno anauza kale anthu.

Lamulungu lina masana achimwene anandiimbira ali ndi alendo pakhonde, foni ili pasipika. Ankafuna ndifotokoze ntchito yanga kuti akulu ampingo anzawo amve okha. Ndinafotokoza za uvuni wa njerwa zija. Ndinati chotupa chosowa mpweya m'kati ndiye chouma mutu, sichimva kuwotcha.

"Ndiye kuti chokhala ndi mpweya wokwanira n'chofatsa?" anafunsa achimwene.

"Chimamvako chithandizo, achimwene, akachipeza msanga."

"Mwamva? Nkhani yagona pa mpweya," anauza alendo aja. Mawu oti msanga anagwera pansi pakhonde pomwepo, palibe anawatola.

Nthawi ya mliri wa korona ndinali nditatumiza kachipangizo kakang'ono kopanira pachala, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi a munthu. Kumudzi anakatcha kankhanu chifukwa cha kupanako. Ndinawaphunzitsa pavidiyo kuti nambala ikatsika kwambiri ndiye kuti munthu akubanika, athamange naye kuchipatala. Kanagwira ntchito yake nthawi imeneyo, mliri unadutsa, ine n'kuiwalako. Achimwene sanaiwale. Ankakasunga m'kachikwama ka magalasi, kumakagulira mabatire, ndipo ndinamva kuti anthu akamva mutu kapena msana ankabwera kudzapanitsa chala kwa aphunzitsi. Ndinkaziona ngati nthabwala za kumudzi.

Kankhanu kamayeza magazi amene akudutsa pachala, basi. Munthu angakhale ndi chotupa chobanika m'kati mwake, chala chake n'kumaonetsa nambala yokongola, chifukwa mapapo ake akupuma bwino. Zinthu ziwirizi zangofanana dzina. Kunja kuja tinkataya tsiku lathunthu, jakisoni wodula ndi makina odzaza chipinda kuti tione mpweya wa m'kati mwa chotupa chimodzi, ndipo nthawi zina chithunzi chinkatisiya tikutsutsanabe. Komanso chotupa chokhala ndi mpweya wochuluka ndi khansa ndithu, ukachisiya chimapha. Ndikubwereza izi pano chifukwa masiku ano ndazibwereza kwa aliyense wobwera kudzazonda amayi, mpaka ena ayamba kulowera kukhomo la kuseri kuti asakumane nane.

Chaka chatha nyengo ya chisanu, amayi anayamba kuonekera pavidiyo atakulunga sikafu m'khosi, yomwe ndinawatumizira ndine. Kumapiri kwathu kuno Juni amaluma, ndiye sindinadabwe, ndinakondwa kuti akuivala. Chisanu chinatha, kunabwera dzuwa la Okutobala loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, sikafu ili pompo. Ndikafunsa ankati azolowera. Macheza athu anafupika. Amayi ankangoti tili bwino kaya iwe, foni n'kubwerera kwa mwini thumba.

"Amayi ali bwanji kwenikweni, achimwene?"

"Ali bwino, adokotala. Tawayeza m'mawa womwe uno. Mpweya uli bwino, naini-seveni."

Ndinkadabwa kuti akumuyezeranji munthu wosadwala, koma ndinkati ndi khalidwe lawo lija lofuna kuoneka ndi zipangizo. Lamulungu lililonse yankho linali lomwelo, nambala yokha ndi imene inkasinthako pang'ono.

Miyezi yomweyo kuntchito kunabwera dalaivala wina wa basi, bambo wonenepa wokonda nthabwala, ali ndi kotupa pakhosi kakang'ono koti sungakaone asanakulozere. Anati iye sakanabwera, koma mkazi wake anamulongolozera mpaka anatopa. Ndinamuumbira chigoba, tinamuyeza, anamuwotcha masabata angapo, ndipo patapita nthawi anabwera ndi bokosi la mabisiketi kudzatithokoza. Ndinadya nawo mabisiketiwo ndikuseka. Sindinkadziwa kuti nthawi yomweyo, pakhonde lino, mayi anga akuyamba kulephera kumeza nsawa.

Chinawaulula ndi mawu. Tsiku lina mvula itayamba, amayi anayesa kundiuza za mbuzi yawo imene inaswa mapasa, ndipo ndinamva liwu limene ndinkalimva tsiku ndi tsiku kuntchito, lolemera, lotuluka ngati lilime lakula kuposa kamwa, munthu akuima pakati pa mawu kuti ameze malovu mosamala. Ndinati amayi, tachotsani sikafuyo ndione. Chithunzi chinagwedezeka, ndinaona denga, kenako nkhope ya achimwene ikunena kuti netiweki yavuta. Ndinaimbanso, osayankha.

M'mawa mwake ndinaimbira alamu anga a Nambewe, akazi a achimwene, pakafoni kawo ka mabatani. Ndi mayi wofatsa, woti zaka zonsezi sanayankhepo mwamuna wake pagulu. Ndinawapeza ali kuchigayo.

"Alamu, pakhosi pa amayi pali chiyani?"

Chigayo chinkalira kumbuyo. Kenako anati, "Ine sindinanene kanthu, alamu. Koma mukanakhala ndi mpata mukanabwera."

Kuntchito anandipatsa tchuthi mosavuta. Kumudzi sindinauze aliyense. Nditatsika ndege ndinakwera minibasi mpaka pamene phula lathera, kenako njinga yamoto ya kabaza, m'matope oti pena tinkachita kutsika n'kumakankha. Mapiri anali obiriwira, fodya atafika m'chiuno, chimanga chikumasula. Ndinakhala zaka ndikulakalaka kuona mapiri amenewa, koma tsiku limenelo ndinkangoyang'ana msana wa wakabaza. Titayandikira, anthu a m'njira anayamba kundizindikira, ndipo ndinaona kuti palibe amene akudabwa kapena kundifunsa chimene ndabwerera. Amayi ena a mpingo wathu anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti ndilimbe mtima. Mudzi wonse unkadziwa.

Fungo ndi limene linandilonjera pakhomo, fungo lomwe ndimalidziwa, loti ngakhale ukolope bwanji silichoka. Amayi anali pamphasa atatsamira khoma, ataonda moti chitenje chinkawazungulira kawiri. Atandiona anayamba kukonza sikafu ija. Ndinagwada, kuwagwira manja, n'kuivula ndekha. Chotupacho chinali cholimba, chosasuntha, ndipo pamwamba chinali chitaphulika, akuphimbapo ndi kansalu. Ndinawapempha ayasamule, n'kuunika ndi foni. M'mbali mwa lilime, kumene zaka zonse ankabisa fodya wawo wa m'kamwa kuti abusa asaone, munali chilonda chakuya. Kwa miyezi anali akungomwa phala la madzimadzi, ndipo alamu ankachita kulisefa.

"Wabwera bwanji osanena?" anatero amayi movutikira. "Tikanakuphera nkhuku."

Achimwene anafika kuchokera kusukulu malaya ali ndi fumbi la choko, ndipo atandiona anaima kaye pakhomo ngati alowa nyumba ya eni. Sindinawapatse moni. M'moyo mwanga ndinali ndisanawakwezerepo mawu, koma tsiku limenelo ndi a kuchitsime omwe anamva. Ndinawafunsa kuti chinayamba liti. Anati chaka chatha chisanu chisanayambe, ndipo kanali kakang'ono ngati nzama. Ngati nzama! Kanthu koti madokotala akanathana nako, amayi n'kubwerera kumunda kwawo. Ndinafunsa chimene sanawatengere kuchipatala. Anapisa m'thumba, kutulutsa kankhanu, kukapana pachala cha amayi ine ndikuona, n'kunditembenuzira nambala.

"Munanena nokha, adokotala, akulu ampingo akumva. Choopsa n'chosowa mpweya. Ife tinkayeza. Mpweya ulipo."

Ankafuna kundisenzetsa mtolo umenewu, koma ndinaukana ndipo ndikuukanabe. Ine sindinauzepo munthu kuti chala ndi khosi. Foni inali m'thumba mwawo nthawi zonse. Ankandiimbira feteleza akakwera mtengo, ankandiimbira njinga ikathyoka masipoko, ankandiimbira kuti ndipereke moni kwa alendo awo. Funso limodzi lokha, loti amayi atuluka kotupa pakhosi titani, ndi limene linawakanika. Mwana wa mayiyu amagwira ntchito ya zotupa za pakhosi zenizenizo, osati za mwendo kapena za m'mimba, ndiye m'mudzi monse munthu yekhayo amene sanauzidwe akhale iyeyo? Ndinawalanda kankhanu kaja n'kukakaponya m'chimbudzi.

Kutacha ndinachita hayala galimoto ya munthu wina wa geni, ulendo wa ku Lilongwe. Chinanso chimene chimandidya ndi ichi. Zaka zimene ndinkachoka, makina owotchera khansa kunalibe m'dziko muno, wodwala ankadikira mwayi wotumizidwa kunja umene ambiri sankaufikira. Pano makinawo alipo, ulendo woti ukanyamuka m'mawa pakhomo pathu umafika dzuwa lisanafike paliwombo. Anatilandira bwino, anadula kamnofu kuti akayeze, anajambula. Masiku odikira zotsatira amayi anagona m'wodi, ine pansi pambali pawo, pachitenje, ngati magadiyani ena onse.

Tsiku lina ndikuwapukuta ndinawafunsa ngati iwowo ankakakhulupirira kankhanu kaja.

"Ndinkadabwa, mwana wanga. Kukupweteka kuno, iwo akupana uku." Analoza khosi, kenako chala. "Koma ndinkati poti kachokera kwa iwe, kakudziwa."

Ndinamaliza kuwapukuta, kuwafunditsa, n'kutuluka kukaima kuseri kwa wodi kumene amayanika zovala. Ndinalira mokwiya, ndikuluma chitenje kuti asandimve.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono kwa ine, wa maso otopa. Atamva ntchito yanga anandiitanira pakompyuta, ndipo sanafunike kunena zambiri. Chotupa chinali chitakumbatira mtsempha waukulu wa pakhosi, ndipo m'mapapo munali timadontho. Ndinali nditaona zithunzi zotere zambirimbiri. Ndinkadziwa kuti wodwala wofika apa, kunja kuja sitinkamuyezanso mpweya wa m'chotupa, poti panalibe chimene yankho lake likanasintha. Anati angawotche pang'ono kuti ululu ndi kutaya magazi zichepe, koma kuchiza ayi. Kenako anandiyang'ana, osati mwachipongwe, n'kunena kuti, "Achemwali, inu mumazidziwa izi. Mwachedweranji chonchi?"

Atawawotcha pang'onopo tinabwerera kumudzi ndi botolo la mankhwala a ululu. Ndinauza a kuntchito kuti tsiku lobwerera sindikulidziwa. Achimwene ndi ine tinkadutsana pabwalo ngati anthu a mipingo yosiyana. Komabe mumtima ndinali nditayamba kuwapezera chifukwa. Ndinkati ndi umbuli wovala tayi, anamva theka n'kuliyesa lonse, koma ankakhulupirira ndithu kuti mayi wawo ali m'manja abwino. Umbuli ndi woti ungaukwiyire chaka, mwina ziwiri, kenako n'kudzaukhululukira pamaso pa abusa. Ndinayamba kuwayankha moni wa m'mawa.

Sabata yatha khitchini ya amayi inayamba kudontha, ndipo ndinapita kwa alamu kukafunsa ngati ali ndi pepala la pulasitiki. Anati lilipo m'kachipinda kokiya kamene achimwene amasungiramo mabelo a fodya ndi feteleza. Alamuwo anamasula kiyi pamfundo ya chitenje n'kundipatsa osandiyang'ana. Pepala ndinalipezadi, linali litaphimba katundu pakona. Nditalikoka ndinaona matabwa opala bwino atasanjidwa pa njerwa. Pamwamba pake panali katoni, ndipo m'katonimo munali zogwirira zonyezimira zija amakhomera m'mbali mwa bokosi la maliro. Pambali panali matumba a chimanga ndi nyemba osoka bwino, ndi mpukutu wa nsalu yatsopano ya mtundu umodzi, yokwanira amayi onse a pabanja pathu.

Alamu anali ataima pakhomo kumbuyo kwanga. Ndinawafunsa kuti zimenezi zinagulidwa liti.

"Mu Okutobala, chitangophulika chija. Ndi ndalama munatumiza za bafa la amayi zija." Kenako anawonjezera kuti, "Poyamba ankakakhulupirira ndithu kankhanu, alamu, sindingawanamizire. Chitaphulika anasiya. Ankangopana Lamulungu inu musanaimbe, kuti akhale ndi nambala yokuuzani."

Kuyambira Okutobala mpaka tsiku limene ndinatsika pakabaza, mpweya uli bwino uja sunali wa amayi. Unali wanga. Anatenga mawu anga, ntchito yanga ndi kachipangizo kanga n'kunditseka nazo pakamwa, uku akupalitsa matabwa. Mwina mu Okutobala zinali zitachedwa kale, mwina ayi. Sindidzadziwa, ndipo amene anandilanda mwayi wodziwa ndi mwana wa mayi anga yemwe.

Ndinawadikira pakhonde lino, katoni ya zogwirira ija ili pamiyendo. Ulendo uno sindinakuwe. Atafika anaona katoniyo, ndipo sanakane kanthu. Anakoka mpando, kukhala, n'kuyamba kundifotokozera modekha ngati ndili Sitandade 4. Anati chitaphulika anakhala pansi ndi amalume ndi akuluakulu ena a pabanja, ndipo onse anaona kuti apa zafika posauzana. Kuchipatala kukanangodya zonse, mayi n'kukatsirizikira pakati pa alendo, ife n'kutsala manja lende.

"Ndiye anthu akanati chiyani, adokotala? Mayi wa munthu wa ku Mangalande kulowa m'bokosi la bulugamu losapala, olira akugona ndi njala? Manyazi amenewo akanakhala anu. Ife timateteza dzina lanu."

Ndinawafunsa kuti nanga ineyo ankafuna adzandiuze liti.

"Munthu wakunja sitimuuza matenda, angasokonezeke pantchito. Timamuuza zikachitika, agule tikiti kamodzi." Anapukusa mutu, akuyang'ana katoni ija ngati ndawasokonezera pulogalamu ya chikondwerero cha kusukulu. "Zonse zinali m'malo mwake. Kungoti inuyo mwabwera msanga."

Ankanena zoona zawo zonse, nkhope ili gwa, ndipo ndikudziwa kuti nditaitanitsa mudzi wonse pabwalo, ambiri akanagwedezera mutu iwowo osati ine. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti kwathu akudikira mwana wawo. Ankadikira munthu wodzatsika galimoto atavala zakuda, wodzalira bwino pamaso pa anthu, wodzayamikiridwa ndi abusa pamaliro osasowa kanthu. Ku Lilongwe anandifunsa chimene ndachedwera. Pakhomo pa mayi anga, iwo akupuma kuseri kwa khoma limene tinatsamira, ankandidandaula kuti ndafulumira.

M'nyumba munamveka kutsokomola, kenako liwu lolemera lija likuyesa kutchula dzina langa. Ndinaika katoni pamiyendo pa achimwene n'kulowa. Mwini maliro okonzedwawo ankafuna madzi akumwa.